Pa nsima timasamba, nanga pa buledi? Ayuda ali ndi lamulo lake

Pa Chifubu palibe amene angagwire nsima osasamba m'manja, amayi angakukalipire. Koma ikafika nkhani ya mabanzi ndi vitumbuwa pa kantemba, timangonyamula ndi dzanja lomwe lagwira ndalama m'minibasi.

Kwa Ayuda otsatira chilamulo zinthu ndi zotembenuka. Ndipo si anthu akutali: anali ndi masunagoge ku Ndola ndi ku Kitwe, ndipo malemu Simon Zukas, womenyera ufulu wa Zambia, anali Myuda amene anabwera kuno kuchokera ku Lithuania mu 1938.

Kwa iwo buledi ndiye mfumu ya pathebulo. Buku lawo la malamulo, Shulchan Aruch, losindikizidwa mu 1565, limati musanadye buledi muthire madzi a m'kapu padzanja lililonse. Ambiri amathira kawiri, kuyambira lamanja. Kenaka dalitso la kusamba, ndipo osalankhula mpaka mutanena dalitso la buledi, lotchedwa hamotzi, ndi kulumako. Mukakhuta, pemphero lalitali loyamika, potsatira Deuteronomo 8:10.

Manje nkhani imavuta pa zakudya zofanana ndi buledi. Keke, mabisiketi ndi mabanzi otsekemera kwambiri amawerengedwa ngati zotolatola: dalitso lake ndi lina, mezonot, ndipo kusamba kulibe. Koma mukadya zambiri mpaka zasanduka chakudya chenicheni, lamulo limati mwadya buledi, kasambeni. Ndiye inu amene nkhomaliro yanu ndi masikono anayi ndi Fanta, simungathawe kapu ija.

Vitumbuwa vya ufa wa tirigu? Popeza ndi vyokazinga m'mafuta ambiri, mwambo wa ambiri umati mezonot basi. Nanga nsima? Chimanga sichili pa mbewu zisanu zimene amati zimapanga buledi, monga tirigu ndi barele, choncho lamulo la buledi siliigwira. Agogo akamva izi angadabwe!

Dziwani kuti kusamba kwao ndi kwa chipembedzo, manja amayenera kukhala oyera kale. Ife vuto lathu ndi lina. Kolera amene anayamba mu October 2023 anapha anthu oposa 700 m'dziko muno, masukulu mpaka anachedwa kutsegula. Matendawa safunsa ngati ndi nsima kapena banzi.

Ayuda amafunsa asanadye: kodi ichi ndi chakudya kapena chotolatola? Inu funso lanu n'losavuta: dzanja ili lagwira chiyani kuyambira m'mawa? Mukakumbukira, funani sopo ndi madzi, chitumbuwa sichithawa.