Shrimp ya m'mwala: asayansi amadziwa bwanji gulu lake?

Mu 2010, Rodney Feldmann ndi Carrie Schweitzer a ku Kent State University ku America analengeza za kanyama komwe kanapezeka m'mwala ku Oklahoma. Kanali ka shrimp, msuweni wa nkhanu, kotalika pafupifupi masentimita 7. Kanakhala m'nyanja zaka pafupifupi 360 miliyoni zapitazo, ma dinosaur asanabwere n'komwe. Anakatcha Aciculopoda mapesi. Dzina loyambalo likunena za minga yonga singano ya pamiyendo yake, lachiwirilo ndi ulemu kwa Royal Mapes yemwe anakatola.

Ndiye kanyama koti kanasanduka mwala, mungadziwe bwanji abale ake? Za DNA iwalani. DNA yakale kwambiri yomwe asayansi akwanitsa kuwerenga ili ndi zaka pafupifupi 2 miliyoni basi. Chotsala n'kuyang'ana thupi, chiwalo ndi chiwalo.

Shrimp ndi nkhanu zili m'gulu la Decapoda, kutanthauza za miyendo 10. Koma ma shrimp ambiri amagwera m'magulu awiri. Lina ndi Dendrobranchiata, momwe muli ma prawn aakulu aja ogwidwa m'nyanja ya ku Mozambique. Lina ndi Caridea. Zikakhala zamoyo, kusiyanitsa sikuvuta: a Caridea amanyamula mazira kunsi kwa mimba, pomwe pafupifupi onse a Dendrobranchiata amangowataya m'madzi. Ziwalo zopumira nazo n'zosiyana, za Dendrobranchiata zili ndi nthambi ngati mtengo. Vuto ndi loti mazira ndi ziwalo zopumira n'zofewa, zimawola msanga, ndipo kawirikawiri mwala suzisunga.

Apa ndi pomwe chigoba chimathandiza. Mbali ya kumchira ya shrimp ili ndi zigawo 6, chilichonse ndi chigoba chake m'mbali. Kwa Dendrobranchiata, chigoba chilichonse chimaphimba chakumbuyo kwake, mmene malata amasanjikirana padenga. Kwa Caridea, chigoba chachiwiri n'chachikulu, chimaphimba choyamba ndi chachitatu chomwe. Kachinthu kakang'ono, eti? Koma chigoba n'cholimba, ndiye ndi chomwe chimatsala. Ngati miyendo yasungika bwino, amawerenganso zopanira: a Dendrobranchiata amakhala nazo pa mapeya atatu oyamba, a Caridea sakhala nazo pa peya yachitatu.

Aciculopoda anamuika mu Dendrobranchiata, koma m'banja lakelake, Aciculopodidae. Mwayi wake, mchere wa phosphate unasunga ngakhale minofu ya kumchira, chinthu chosowa kwambiri.

Kwa ine, chofunika kuchigwira ndi ichi: ntchito yonseyi inatsamira pa kanyama kamodzi kokha. Ku labu ya physics ndimakuuzani kuti muyeze katatu musanalembe yankho, koma apa palibe kachiwiri koti n'kuyezanso. Ngati anakaika m'gulu loyenera, ndiye kuti mzere wa ma prawn unalipo kale zaka 360 miliyoni zapitazo. Wina akadzatola kena koonetsa zigoba ndi miyendo bwino n'kupeza zosiyana, chaka chimenecho chidzasunthidwa.