WABWERA KUCHOKERA KU MAPHUNZIRO KUNJA: TIMLANDIRE BWANJI?

Amayi anzanga, nkhani yathu sabata ino ikukhudza khomo lililonse limene lidaperekezapo mwana, mng'ono kapena mpongozi ku bwalo la ndege. Si chachilendonso kumva kuti mtsikana wa pa yunivesite, namwino kapena mphunzitsi wapita kunja kukaphunzira teremu imodzi, miyezi inayi yokha. Popita timampempherera, pobwera timamlandira ndi nthungululu. Koma pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, pakhomo pamayamba manong'onong'o: "Mwana uyu wasintha. Nsima akungoitola ngati mlendo. Chilichonse akuti kunja sachita chotere. Wayamba chizungu." Mawu otere adazimitsapo moto m'mabanja ambiri, ndipo ena adalekanitsa mayi ndi mwana wake wobala yekha.

Tisanamweruze, tiyeni tiyambe taona kumene wachokera. Titenge chitsanzo cha Scotland, dziko limene ubale wake ndi Malaŵi ndi wakalekale. Mzinda wathu wa Blantyre udatenga dzina la mudzi umene David Livingstone adabadwirako mu 1813, ndipo mu 2005 maboma awiriwa adasainirana pangano la mgwirizano. Mwana wopita ku Edinburgh kapena ku Glasgow mu September amabwera mu December. M'mwezi umenewo dzuwa kumeneko limatuluka nthawi itayandikira 9 koloko m'mawa ndi kulowa 4 koloko isanakwane, kotero kuti usana umangokhala wa maola 7 okha, kunja kuli chisanu choluma m'mafupa. Miyezi yonseyo mwanayo amagona m'chipinda chayekha, kiyi ali m'thumba mwake. Amadzigulira chakudya, amadya nthawi imene wafuna, ndipo palibe womfunsa kumene akupita. M'kalasi amaphunzitsidwa kutsutsana ndi aphunzitsi poyera, mwinanso kuwatchula dzina lawo loyamba.

Musaganize kuti zonsezi adazilandira mosavuta. Masabata oyamba ambiri amalira usiku, kulakalaka nkhwani zotendera, usipa ndi mawu a amayi awo. Kenaka mtima umakhazikika, nazolowera. Tsono pamene wangozolowera kumene, nthawi yobwerera yakwana. Atsika ndege apeza kutentha kwa dzinja, mvula ili pakati, anthu ali kalikiliki kupalira, nyumba yadzaza alendo a Khirisimasi. Thupi ndi mtima zimene zidavutika kuphunzira moyo wina zikuyenera kuyambanso kuphunzira kachiwiri.

Akatswiri adazifufuza kale zimenezi. Mu 1955 Sverre Lysgaard wa ku Norway adalemba za anthu a kwawo 200 amene adapita ku America pa za maphunziro. Iye adaona kuti mlendo amayamba ndi chimwemwe, kenaka amagwa mphwayi ndi kupukwa, pambuyo pake nkudzukanso. Mu 1963 John ndi Jeanne Gullahorn a ku America adaonjeza kuti kugwa kumeneku kumachitikanso munthu akabwerera kwawo. Si onse amene amadutsa njira yofanana, koma chifukwa chake nchomveka. Popita kunja munthu amadziwiratu kuti akukakumana ndi zachilendo, ndipo amamanga mtima. Pobwera amayembekeza kupeza zonse monga adazisiyira, ifenso timayembekeza kulandira mwana yemwe uja tidamperekeza. Tonse awiri timakhumudwa.

Ngakhale anthu otchuka sizidawalambalale. Dr Hastings Kamuzu Banda atatsika ndege ku Chileka pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ankalankhula ndi anthu a mtundu wake m'Chingerezi, wina nkumamasulira. Miyezi inayi siingalande mwana wanu chinenero, komabe ndi yokwanira kusintha kadyedwe, kagonedwe ndi kayankhidwe kake.

Nanga inu mayi wa pakhomo muchitenji? Choyamba, mpatseni nthawi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Akatsekera chitseko masana kufuna kukhala yekha, musathamangire kunena kuti akunyansidwa ndi abale. Wazolowera bata, ndipo phokoso la pakhomo limtopetsa masiku oyamba. Mpatseni ntchito zake zakale pang'onopang'ono, monga kuphika ndiwo zamadzulo kapena kuperekeza ana ku tchalitchi, pakuti manja akagwira ntchito yozolowera mtima umatsatira.

Chachiwiri, mumvereni. Chimene chimawawa kwambiri obwera kumene nchakuti aliyense amafunsa kuti, "Munayenda bwanji?" koma asanayankhe bwino, nkhani yatembenukira kale ku mtengo wa feteleza. Iye ali ndi zodzaza mtima, zokoma ndi zowawa zomwe, koma alibe pozitula. Khalani naye pamkeka mukusadzula masamba, mumfunse mafunso enieni: ankadya chiyani, adadwalapo kodi, ndani adamthandiza tsiku limene adasokera, nchiyani chidamchititsa manyazi. Mwana amene wamvedwa bwino kamodzi sakhalanso ndi njala yotchula za kunja pa nkhani iliyonse.

Chachitatu, mtchinjirizeni pa nkhani ya mphatso. Achibale ambiri amaganiza kuti wokwera ndege aliyense wabwera ndi chuma. Wophunzira amalandira ndalama yongokwanira chipinda, chakudya ndi basi, m'dziko limene zinthu nzokwera mtengo, ndiponso ndege imaika malire pa kulemera kwa katundu. Inu ndinu woyenera kuwauza azakhali ndi atsibweni, iye asanafike nkomwe, kuti mwanayo adapita kusukulu, sadapite kuntchito. Mukatero mwamchotsera manyazi amene amachititsa ena kubisala m'tauni osafika kumudzi.

Chachinayi, muuzeni zonse zimene zidachitika iye kulibe. Ngati kudagwa maliro, mperekezeni akapepese, akaone ndi manda omwe. Ngati kudabadwa mwana, apite akamnyamule. Anthu sakwiya chifukwa choti adachoka, amakwiya akaona ngati zimene zidawagwera sizikumkhudza. Nthawi zambiri mwanayo sadziwa poyambira, ndipo mayi ndiye amatsegula njira.

Chachisanu ndi cha thanzi. Ku Ulaya kulibe malungo monga kuno, ndipo mphamvu ya thupi yolimbana ndi matendawa imanka nichepa munthu akakhalitsa kumalo opanda udzudzu wa malungo. Wobwera mu December wafika nthawi imene udzudzu ukuswana. Mkonzereni neti kuyambira usiku woyamba, ndipo thupi likatentha apite kuchipatala kukayezetsa magazi tsiku lomwelo. Mukaonanso kuti miyezi ikupita iye osadya, osagona, osafuna kuonana ndi anthu, musangoti nkunyada. Kumeneko kungakhale kuvutika maganizo kofunika achipatala.

Pali mawu apadera kwa inu amene wobwerayo ndi mpongozi wanu. Mkazi wapabanja akapita ku maphunziro, anthu sachedwa kuthira mawu m'khutu mwa mwamuna wake, kuti sadzamveranso. Inu apongozi musakhale m'gulu limenelo. Kumbukirani kuti adasiya ana ake miyezi inayi, ndipo mwina wamng'ono akumthawa pomuona. Palibe mkazi amene chimenechi sichimlasa mtima. Mlimbikitseni, ndipo muuze mwana wanu kuti maphunziro a mkazi wake ndi nkhokwe ya banja lonse.

Tsono kwa inu amene mwabwera kumene, mayi kapena mtsikana, nanunso muli ndi mbali yanu. Pamene inu munali kuona zatsopano, ena anali kukusungirani ana, kukulimirani munda ndi kudikira odwala m'malo mwanu. Yambani ndi kuthokoza, ndipo funsani za iwo musanafotokoze zanu. Magetsi akazima kapena basi ikachedwa, gwirani lilime, pakuti mawu akuti "kunja sizichitika zimenezi" amamveka ngati chitonzo kwa anthu amene amapirira zomwezo tsiku ndi tsiku. Moni wa ulemu kwa akuluakulu ndi chitenje pa maliro sizichotsa kanthu pa satifiketi yanu. Zabwino zimene mudaziona, monga kusunga nthawi ndi kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka, zichiteni mwakachetechete m'nyumba mwanu, anzanu adzafunsa okha.

Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mwana wathu wabwera nako kalumoko, ndipo tidamtumiza ndife. Tikamseka adzakabisa, kapena adzayamba kufunafuna njira yobwerera kunja osadzabweranso. Tikamlandira modekha, kadzameta mudzi wonse.