Kagalu kakamakodza kutulo musathamangire ndodo

M'matauni ang'onoang'ono ngati Mponela, Lunzu, Ntaja ndi Jenda, galu ndiye mlonda wa mabanja ambiri. Ndiye amalondera okala, nkhokwe ndi khola la mbuzi eni ake ali mtulo. N'chifukwa chake bambo akabwera ndi kagalu m'katoni kuchokera kumsika, pakhomo pamakhala chimwemwe, makamaka kwa ana.

Koma chimwemwechi nthawi zina sichikhalitsa. Mmawa uliwonse chiguduli chogonera kagaluko chimapezeka chili chonyowa, fungo lili guu pakhonde. Mayi atopa n'kuchapa, bambo ayamba kunena kuti adagula galu wopusa, ndipo mapeto ake ndi ndodo, kapena kukataya kagaluko kutali.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti kagalu kokodza kali mtulo sikadziwa n'komwe kuti kakukodza. Ndodo singachize vutoli, koma kuonetsetsa bwino kungapulumutse moyo wake.

Msinkhu kapena matenda?

Kagalu kakangobadwa sikatha kukodza pakokha. Mayi wake amachita kukanyambita kumimba ndi kumbuyo kuti mkodzo utuluke, ndipo izi zimachitika kufikira katakwana pafupifupi masabata atatu. Kuyambira apo kamaphunzira pang'onopang'ono kusunga mkodzo, ndipo tiagalu tambiri timakhwima pa nkhaniyi tikafika miyezi inayi mpaka 6.

Olera agalu ali ndi kawerengedwe kothandiza: tengani miyezi ya kagalu muonjezerepo imodzi, ndipo amenewo ndiwo maola amene kangapirire. Kagalu ka miyezi iwiri kangapirire maola atatu basi. Choncho kukatsekera m'kitchini kuyambira 8 koloko usiku mpaka kutacha n'kukapempha zosatheka.

Komabe pali kusiyana kwakukulu pakati pa kagalu kodzuka n'kukanjuta pakona ndi kagalu komwe mkodzo umangotuluka kali chigonere. Mwachibadwa galu sakonda kuipitsa pogona pake. Kagalu kabwinobwino kamalira, kukanda chitseko, kapena kuchoka pachiguduli n'kukakodza poteropo. Kotere kangofunika kuphunzitsidwa.

Ngati kagalu kadzuka ubweya wa m'ntchafu ndi kumimba uli wonyowa, ndipo dontho lili pamalo penipeni pomwe kadagona, ndiye kuti mkodzo ukutuluka wokha. Zikachitika kamodzi kwa kagalu kakang'ono komwe kadasewera tsiku lonse n'kugona tulo tofa nato, palibe chodetsa nkhawa. Zikamachitika kawirikawiri, kapena kagalu katapitirira miyezi 6, pamenepo pafunika dotolo wa ziweto.

Zomwe zimayambitsa

Choyamba chomwe madotolo amayang'ana ndi matenda a m'chikhodzodzo obwera ndi mabakiteriya. Matendawa amagwira kwambiri tiagalu tatikazi kaamba koti njira yawo yotulutsira mkodzo ndi yaifupi, choncho tizilombo sitivutika kukafika m'kati. Kagalu kotere kamanjuta pafupipafupi koma kutulutsa timadontho chabe, kamadzinyambita kumbuyo kosalekeza, ndipo mkodzo umatha kununkha kwambiri kapena kuoneka magazi. Ubwino wake matendawa amachizika ndi mankhwala oyenera.

Chachiwiri ndi chilema chobadwa nacho. Kuchokera ku impso iliyonse kuli kachubu komwe kamatsitsira mkodzo m'chikhodzodzo, momwe umasungidwa kufikira galu atafuna kukodza. Tiagalu tina timabadwa kachubuka katalambalala chikhodzodzo n'kukalumikizika kumunsi, kupitirira pomwe pali mnofu wotseka. Zikatero mkodzo umangodontha usana ndi usiku ngati mpopi wakutha. Vutoli limaoneka kwambiri pa tiagalu tatikazi, komanso mitundu ngati Labrador Retriever, Golden Retriever ndi Siberian Husky. Kuti lidziwike pamafunika kuunika ndi makina, ndipo chithandizo chake ndi opaleshoni.

Chachitatu ndi kufooka kwa mnofu umene umamanga pakhomo pa chikhodzodzo. Galu ali maso mnofuwu umayesetsa kugwira, koma akagona thupi lonse n'kumasuka, nawo umalekerera. Ichi n'chifukwa chake vutoli limaonekera kwambiri kutulo. Tiagalu tina tatikazi tobadwa ndi vutoli timachira tokha tikadutsa nyengo yoyamba kapena yachiwiri yofuna amuna. Kufooka komweku kumaonekanso pa agalu ena aakazi, makamaka amatupi akuluakulu, patapita nthawi atachotsedwa chiberekero. Pali mankhwala ngati phenylpropanolamine ndi estriol omwe amalimbitsa mnofuwu, ndipo agalu ambiri amathandizika nawo, koma olemba mankhwalawa ndi dotolo yekha.

Nthawi zina vuto silikhala m'chikhodzodzo ayi. Kagalu kodwala impso kapena shuga kamamwa madzi mopitirira muyeso, ndipo chikhodzodzo chimadzaza kasanadzuke. Mankhwala ena ngati prednisolone nawo amachulukitsa ludzu ndi mkodzo. Komanso kagalu komwe kadagundidwa ndi njinga, kupondedwa kapena kumenyedwa pamsana kamatha kuonongeka mitsempha yolamulira chikhodzodzo. Apa ndiye mukuona kuti ndodo ija ingathe kubala vuto lomwe mumafuna kuthetsa.

Ngozi yake kwa galu ndi ana

Mkodzo ukakhalitsa pakhungu umawaula, ubweya n'kusosoka, zilonda n'kuyamba. Choopsa china ndi ntchentche ya mphutsi, yomwe imakonda kuikira mazira pa mchenga kapena nsanza za pamthunzi zomwe zaipitsidwa ndi mkodzo kapena chimbudzi. Mazirawo akaswa, timphutsi timaboola khungu n'kumakula m'katimo ngati zithupsa. Tiagalu ndito timavutika nazo kwambiri, ndipo mwana wokhala pansi pamalo omwewo nayenso angazitenge.

Palinso matenda a leptospirosis, omwe amafala kudzera mumkodzo wa makoswe, agalu ndi ziweto zina. Matendawa amaononga impso ndi chiwindi, ndipo amagwiranso anthu kudzera m'mabala, m'maso kapena m'kamwa. Choncho wochapa chiguduli cha galu avale mapepala apulasitiki m'manja ngati alibe magolovesi, ndipo asambe ndi sopo akamaliza. Ntchito imeneyi isasiyidwe m'manja mwa ana aang'ono.

Chochita pakhomo

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanapite kwa dotolo, tengani masiku awiri kapena atatu mukuonetsetsa. Kodi kagalu kakunyowetsa pogona pokha, kapena kamadonthanso koyenda? Kakumwa madzi ochuluka bwanji? Mungathe kuyeza ndi botolo la theka la lita. Galu wamkulu akamamwa kupitirira mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku ndiye kuti wapyola muyeso, ngakhale tiagalu timamwa mochulukirapo kuposa agalu aakulu.

Katulutseni panja kakangodzuka, kakangodya, komanso inu musanagone. Ngati sikanakwane miyezi itatu, wina adzuke pakati pa usiku kukatulutsanso. Kakakodza pamalo oyenera kasisiteni ndi kukayamikira, pakuti galu amaphunzira msanga ndi chikondi kusiyana ndi mantha. Kukakhudzitsa mphuno pamkodzo, monga amachitira ena, kumangokaphunzitsa kukuopani.

Pogona pake yalani thumba lapulasitiki pansi ndi nsanza pamwamba, ndipo mukhale ndi nsanza zingapo zosinthira. Mukachapa yanikani pachingwe padzuwa lowala, osati pansi kapena pamthunzi. Kagaluko kapukuteni ndi madzi ofunda ndipo kaume bwino.

Pali zinthu ziwiri zosayenera kuchita. Musakamane madzi poganiza kuti mkodzo uchepa, chifukwa ngati kali ndi vuto la impso mungakaphe, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Musakapatsenso mankhwala a anthu otsala m'nyumba. Ibuprofen amaononga impso ndi m'mimba mwa galu, pomwe makapisozi operekedwa mongoganizira amangolimbitsa tizilombo.

Koma ngati kagalu kakukanika kukodza ngakhale kakuchima, kakusanza, kakukana chakudya, kakukoka miyendo yakumbuyo, kakugwa ngati khunyu, kapena mkodzo uli ndi magazi, musadikire masiku atatu aja. Pitani nako tsiku lomwelo.

Poyambira pafupi ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ofesi ya zaulimi ya paboma. Iwo ndiwo angakuuzeni ngati nkhaniyo ikufunika kuyeza mkodzo kapena kupita kuchipatala cha ziweto mumzinda, monga cha bungwe la LSPCA ku Lilongwe kapena BSPCA ku Blantyre. Funsani ngati n'kofunika kutengako mkodzo wa mmawa m'kabotolo koyera, ndipo muuzeni dotolo msinkhu wa kagalu, tsiku lomwe vuto lidayamba ndi mankhwala alionse omwe kalandirapo.

Ulendo womwewo ugwiritseni ntchito pofunsa za mankhwala a njoka za m'mimba ndi katemera wa chiwewe, yemwe kagalu kamayenera kulandira kakamakwana miyezi itatu. Mmera mpoyamba: kagalu kothandizidwa msanga ndiko kadzalondere okala yanu zaka zambiri zikubwerazi.