Magetsi a Dzuwa: Kodi Ndalama Zoyambira Zimachokera Kuti?

Ambiri mwa ife kuno ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma tilibe magetsi m'nyumba zathu, chonsecho dzuwa limatiwomba chaka chonse. Dzuwa n'laulere, koma zipangizo zokolera mphamvu yake zimalira ndalama zambiri. Tiyeni tione kumene ndalamazi zimachokera.

Chovuta chili poyambira

Ntchito isanayambe, akatswiri amayeza malo ndi kuwerenga anthu amene angathe kulipira magetsiwo. Eni minda amalandira chipukuta misozi, ndipo bungwe la MERA liyenera kupereka chilolezo. Zonsezi zimadya ndalama kwa zaka, phindu lisanaoneke. Ntchito ikalephereka, ndalamazo zapita. N'chifukwa chake mabanki amakana kukongoza pa nthawi imeneyi.

Vuto lina n'lakuti zipangizo zimagulidwa kunja ndi madola, pamene ife timalipira makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene adakongola madola ngongole yawo idakula tsiku limodzi.

Njira zitatu zopezera ndalama

1. Thandizo losabweza. Kwa anansi athu ku Sitolo m'boma la Mchinji, bungwe la Community Energy Malawi lidamanga malo opangira magetsi a dzuwa okwana makilowati 80, ndi thandizo la UNDP. Anthu amalipira magetsi amene agwiritsa ntchito.

2. Kugawana chiopsezo. Ku Salima, kampani ya JCM ya ku Canada idagwirizana ndi bungwe la InfraCo Africa, limene limaika ndalama pa ntchito zikadali zanthete. Malowa, opanga mamegawati 60, adatsegulidwa mu 2021, ndipo magetsi ake amagulidwa ndi ESCOM.

3. Ngongole kwa ogulitsa. Mu 2019 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idavomereza madola 150 miliyoni ofalitsira magetsi m'Malawi. M'menemo mudatuluka thumba la Ngwee Ngwee Ngwee, lokongoza makampani ogulitsa sola za m'nyumba kuti ogula azilipira pang'onopang'ono.

Udindo wathu

Anthu akabwera m'mudzi ndi nkhani ya magetsi, tisathamangire kusaina kapena kudinda chala. Malo ndi chuma cha ana athu. Tili ndi ufulu wofunsa pamaso pa amfumu ndi komiti ya chitukuko: Ndalama zachokera kuti? Ndi thandizo kapena ngongole? Chilolezo chili kuti? Tidzalipira zingati pamwezi? Mabatire akatha mphamvu adzagula ena ndani?

Funso lomalizali tisaliiwale. Mabatire amatha msanga kuposa mapanelo, ndipo opereka thandizo kawirikawiri amalipira kumanga kokha. Mudzi umene susunga ndalama zokonzetsera umabwerera mumdima, chigayo n'kuima, ana n'kuyambanso kuwerengera koloboyi. Paja walira mvula walira matope. Tikalandira magetsi tizilipira mokhulupirika, ndipo asungichuma aziwerenga ndalama poyera, monga timachitira ku banki mkhonde.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'dera lathu magetsi angayambe athandiza chiyani: chigayo, sukulu, chipatala kapena ulimi wothirira?
2. Banja lathu lingathe kupatula zingati pamwezi, makamaka m'miyezi ya njala?
3. Nanga tingasankhe bwanji anthu osunga thumba lokonzetsera?