Kamkanda koyera ka m'diso la nsomba

Mwana wa ku Kalomwe amene anadyapo mutu wa chambo kapena makumba amadziwa kuti m'diso la nsomba yophika mumakhala kamkanda koyera, kolimba. Buku la Chipwitikizi limakatchula kuti cristalino, ndipo mwana atha kuloweza liwuli mpaka kukhoza mayeso osazindikira kuti chinthucho anachilavulapo kale m'mbale.

Nsomba ikakhala yaiwisi, kamkandako kamaonekera ngati galasi. Kamayera chifukwa cha moto, monga limachitira dzira likaphikidwa, pakuti kadzaza mapuloteni. Pa maikulosikopu kamaoneka kuti ndi maselo aatali, opyapyala, okutirana ngati makoko a anyezi. Apakati ndi akale ndipo ndi othinana kwambiri, pomwe akunja ndi atsopano, ofewa. Kusiyanaku kumathandiza kuti kuwala kukhote pang'onopang'ono ndi kukakumana pamalo amodzi, chithunzi n'kumveka bwino.

Nanga n'chifukwa chiyani kali kobulungira pomwe ka munthu n'kophwatalala? Kwa munthu, mbali yaikulu ya ntchito yokhotetsa kuwala imagwiridwa ndi kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso, córnea m'Chipwitikizi. Kachikopaka kamagwira ntchitoyi pamene kakhudzana ndi mpweya. M'madzi mphamvu yake imatha, n'chifukwa chake mwana akatsegula maso pansi pa madzi amangoona chimbuuzi. Choncho mwa nsomba ntchito yonse imatsalira kamkanda kaja. Sikasintha maonekedwe ngati ka munthu; pali kamnofu kamene kamakakokera kumbuyo nsomba ikafuna kuona zakutali.

Kuwalako kumakagwera pa retina, kansalu kopyapyala ka kumbuyo kwa diso. Pamenepa pali maselo amitundu iwiri: cones, oona mitundu ya zinthu masana, ndi bastonetes, ogwira ntchito kukachita mdima. Mwa chambo ndi abale ake, cones amayalana mwadongosolo ngati maluko a mkeka: selo limodzi pakati, magulu anayi a maselo ophatikana awiriawiri atalizungulira. Chodabwitsa n'chakuti maselowa amasuntha. Kukacha, bastonetes amatalika n'kukabisala m'timadontho takuda toteteza ku kuwala, ndipo cones amatsogola. Kukada amasinthana malo. Mbuna zina za m'nyanja ya Niassa, imene a ku Malawi amati nyanja ya Malawi, zimaona ngakhale kuwala kwa ultraviolet kumene munthu sakuona.

Pophunzitsa, mawu ndiwo amavuta. "Mwana wa diso" ndi pupila, kabowo kolowera kuwala, ndipo mphunzitsi akagwiritsa dzina lomweli potchula cristalino, ana amasokoneza ziwirizi. Ndi bwino kuyamba ndi "kamkanda ka m'diso", ana akaone ndi kukagwira, liwu la Chipwitikizi libwere pambuyo. Pamenepo ng'ala ya agogo imamvekanso msanga: ndi kamkanda komweka kakachita mbuu mwa munthu.

Phunziroli silidikira maikulosikopu. Pamafunika diso la nsomba yaiwisi yokulirapo, lezala yatsopano m'manja mwa mphunzitsi yekha, ndi pepala la nyuzi. Kamkandako kakaikidwa pa zilembo, zilembozo zimakula. Usipa wouma wa pamsika suthandiza, chifukwa dzuwa linauwononga kale maso, ndipo mlamba maso ake ndi aang'ono kwambiri poti umadalira ndevu pofufuza chakudya m'matope.