Mtengo wouma chiimire ndi luso losema uta

Amisiri osema mauta achikale ku America ndi ku Ulaya sathamangira mtengo umene unauma chiimire m'nkhalango, ngakhale kuti umaoneka ngati wawachotsera ntchito yodikira chaka kapena kuposerapo kuti mtengo wauwisi uume. Nkhawa yawo imakhala pa msana wa uta, kutanthauza mbali yoyang'ana kumene muvi ukupita, imene imakokeka kwambiri uta ukakungidwa, pamene mimba, yomwe ndi mbali yoyang'ana woponya, imapanikizika.

Pa mitengo monga hickory, ash ndi elm, msana umachokera pansi penipeni pa khungwa, ndipo m'pomwe chuku ndi tizilombo toboola mitengo zimayambira mtengo ukangofa. Mmisiri akasenda khungwa n'kupeza timabowo tothothoka ufa ngati chimanga chofumbwa, kapena akaona kuti mtengowo ukufumbutuka m'malo motuluka zipalapala zazitali akamausema, amadziwa kuti watsala wa nkhuni basi, pakuti kabowo kamodzi kopingasa msana n'kokwanira kuthyola uta m'manja mwa mwini wake.

Zimasiyana ndi Osage orange, mtengo wobadwira m'chigwa cha Red River ku Texas, Oklahoma ndi Arkansas, umene mtima wake wachikasu suwola msanga, moti alimi amaugwiritsa ntchito ngati mizati ya mipanda kwa zaka zambiri. Pamtengo umenewu mmisiri amachotsa mbali yonse yoyera yakunja, kenako amapala pang'onopang'ono motsata mkombero umodzi wokha mwa mikombero imene mtengo umawonjezera chaka ndi chaka, osaudula paliponse kuyambira nsonga ina kufika inzake. Choncho kuwola kwa kunja sikumudetsa nkhawa, koma ming'alu yolowa m'kati ndi imene imamutayitsa mitengo yambiri. Mtengo wa yew uli pakatikati, chifukwa mauta aatali a ku England, monga amene anapezeka m'sitima ya Mary Rose imene inamira mu 1545 n'kuvuulidwa mu 1982, ankadalira mbali yoyera ija kukhala msana, ndipo imeneyo ndi imene imayamba kuwola.

Nzeru yogometsa kuposa zonsezi inali ya eni nthaka a ku Nevada, imene katswiri wofukula zakale Philip Wilke anaifotokoza mu 1988 atayendera mitengo ya juniper yokhala ndi zipsera. Malinga ndi maganizo a Wilke, anthuwo ankasankha mbali yowongoka ndi yopanda mfundo pamtengo wamoyo, n'kutema mpata pamwamba ndi pansi pake kuti chigawocho chileke kukula ndi kuumira pamtengo pomwepo, ndipo pambuyo pake ankachikanganula. Mtengowo sunkafa, ndipo m'mphepete mwa chipseracho munkamera thabwa lina lowongoka limene ankatha kudzatenganso patapita zaka zambiri.