Dzanja la ndani linatambasuka kuposa onse pa piyano?

Oimba piyano sayeza dzanja ndi tepi ngati telala. Amaika chala chachikulu pa kiyi imodzi, chaching'ono pa ina, n'kuwerenga makiyi oyera amene dzanjalo laphimba. Kuchokera pa do kufika pa do wotsatira pali makiyi 8, mtunda wa masentimita pafupifupi 16 ndi theka, ndipo akuluakulu ambiri amafikapo. Wofika pa makiyi 10 ndiye kuti anapatsidwa. Kupitirira pamenepo, anthu ake ndi owerengeka.

Amene amatchulidwa koyamba nthawi zonse ndi Sergei Rachmaninoff wa ku Russia, wobadwa mu 1873. Anali chimunthu chachitali, pafupifupi mamita awiri, ndipo dzanja lake linkagwira makiyi 12, kuchokera pa do kudutsa do wina mpaka pa so. Amenewo ndi masentimita pafupifupi 26. Chogometsa kwambiri n'chakuti zala zapakati sizinkangolendewera: ndi dzanja lamanzere ankatha kuliza manotsi asanu nthawi imodzi mkati mwa mtunda umenewo. Madokotala ena analembapo zoti mwina anali ndi matenda a Marfan, amene amatalikitsa mafupa, ena n'kumatsutsa. Mwiniwake anamwalira mu 1943 nkhaniyi isanabuke, koma nyimbo zimene anasiya zikuvutitsabe ophunzira, chifukwa ankazilemba poyeza ndi dzanja lake lomwelo. Sviatoslav Richter ndi Van Cliburn, Mmereka amene anapambana mpikisano wa Tchaikovsky ku Moscow mu 1958, nawonso amawerengedwa m'gulu la makiyi 12.

Mbiri yokokomezedwa kwambiri ndi ya Franz Liszt. Anthu amene anamumva akuimba ankaganiza kuti ali ndi manja a chimphona, koma zikombole za manja ake zilipo mpaka lero, ndipo zimasonyeza manja aatali bwino koma osadabwitsa. Ankafika pa makiyi 10. Mwayi wake unali wakuti khungu la pakati pa zala linali lolowa mkati kwambiri, choncho zalazo zinkatalikirana mosavuta.

Kwa ine, ochititsa kaso enieni ali kumbali inayo. Frédéric Chopin anali ndi manja ang'onoang'ono, monga chikusonyezera chikombole chimene Auguste Clésinger anaumba iye atangomwalira mu 1849. Koma ndi yemweyo amene analemba Étude yoyamba ya Opus 10, nyimbo imene dzanja lamanja limayenda mitunda ya makiyi 10 kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chinsinsi chake chinali kufewa kwa dzanja ndi kuyendetsa mkono wonse mmalo mokakamiza zala. Mnzake Stephen Heller anayerekeza dzanjalo ndi kukamwa kwa njoka imene ikumeza kalulu. Alicia de Larrocha wa ku Barcelona sankafika mita imodzi ndi theka, koma anajambula Iberia ya Isaac Albéniz, nyimbo zodzaza manotsi zimene zimatopetsa ndi amuna a manja akuluakulu omwe, mpaka analandira nazo mphoto ya Grammy. Ndiye pali Michel Petrucciani wa ku France, katswiri wa jazz amene anabadwa ndi matenda ofewetsa mafupa. Msinkhu wake unali pafupifupi mita imodzi, mapazi ake sankafika pa zopondera popanda chida chowonjezera, koma manja ake anali a munthu wamkulu ndipo ankamenya makiyi mwamphamvu. Anamwalira mu 1999 ali ndi zaka 36, ndipo manda ake ali ku Père Lachaise, pafupi ndi a Chopin.

Kulimbana ndi chilengedwe kwapweteketsa ambiri. Robert Schumann anaononga chala cha dzanja lamanja cha m'ma 1832, ndipo nkhani yofala ndi yakuti chinamuvulaza ndi chida chimene ankalimbitsira zala. Maloto oimba pamaso pa anthu anathera pomwepo, iye n'kusanduka wopeka nyimbo. Alexander Scriabin, amene anaphunzira limodzi ndi Rachmaninoff kwa mphunzitsi Nikolai Zverev ku Moscow, anali ndi dzanja longopitirira pang'ono makiyi 8. Anavulaza lamanja poumirira nyimbo zovuta za Liszt ndi Balakirev, ndipo mu 1894 anapeka nyimbo ziwiri za dzanja lamanzere lokha. Paul Wittgenstein yekha ndiye analibe chosankha: mkono wake wamanja anaudula pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Popeza kwawo kunali chuma, analipira akatswiri kuti amulembere nyimbo, ndipo yotchuka kwambiri ndi ya Maurice Ravel, imene inamveka koyamba ku Vienna mu 1932. Ukaimvera osaona, sungakhulupirire kuti zikugwira ntchito ndi zala zisanu.

Manja aakulu kuposa onse amene anayezedwapo sanali a woimba piyano n'komwe. Anali a Robert Wadlow wa ku America, wamtali mamita 2.72, ndipo kuchokera pa mfundo ya dzanja kufika kunsonga ya chala chapakati panali masentimita 32.3. Kukula kotere sikuti ndi mwayi wokhawokha pa piyano, chifukwa zala zonenepa zimapanikizika pakati pa makiyi akuda.

Wochenjera pa onsewa, mmene ndikuonera, anali Josef Hofmann. Rachmaninoff anamupatsa ulemu polemba dzina lake pa Concerto yake yachitatu ya mu 1909, koma Hofmann sanaiimbe pagulu. Manja ake anali aang'ono, ndipo mmalo mowazunza anapempha kampani ya Steinway kuti imupangire piyano ya makiyi ocheperako m'lifupi. Anamupangiradi. Iye anaona chimene ambiri safuna kuvomereza, chakuti kukula kwa makiyi sikunagwe kumwamba. Zida zambiri za m'zaka za m'ma 1700 zinali ndi makiyi opyapyala kuposa a lero, ndipo muyeso umene tili nawowu unakhazikika m'zaka za m'ma 1800, ukukomera dzanja la mwamuna wa ku Ulaya. Popeza dzanja la mkazi nthawi zambiri limachepa ndi mtunda wokwana kiyi imodzi yoyera poyerekeza ndi la mwamuna, amayi ambiri amayamba mpikisanowu atasiyidwa kale kumbuyo.

M'zaka za m'ma 1990, Christopher Donison wa ku Canada ndi David Steinbuhler wa ku Pennsylvania anayamba kupanga makiyi a misinkhu yosiyanasiyana. Pa mtundu umene amautcha DS5.5, kuchokera pa do kufika pa do ndi masentimita 14 okha, kotero amene ankalekezera pa makiyi 8 amafika pa 9 popanda kupweteka. Masukulu angapo a nyimbo ku America ali nawo. Chovuta n'chakuti woimba piyano sanyamula chida chake ngati wa gitala. Amaimba imene waipeza muholo, ndipo pafupifupi maholo onse akadali ndi ya muyeso wakale.